Mwamuna wa aNangondo Ali m'Galasi

Ndinafika ku Mwatero kutada. Sikumene ndinkapita. Ndinakwera lole ya kabichi poganiza kuti ikulowera kwina. Dalaivala sanandifunse, inenso sindinamufunse. Ndimayenda choncho.

Mwatero ndi likulu la Ufumu wa Tiuzeni. Mzinda wonse unali bii. Nyumba imodzi yokha, pamwamba pa chitunda, ndiyo inkawala, ikung'ung'udza osapumira.

"Chipatala?" ndinafunsa dalaivala.

"Chipatala ndi apo pali kandulopo. Iyo ndi Nyumba ya Chikhalidwe. Magetsi onse amapita kumeneko. Za m'katimo sizifuna kutentha."

"Muli chiyani?"

"Amuna a eni ake."

Anandiponyera chikwama changa n'kumapita.

Kunyumba ya alendo anandipatsa mpunga wa nyemba. Munalibe mchere. Ndinapempha. Mayi wophika, wovala zakuda, anandiyang'ana ngati ndamupempha mwendo. Ndinadya choncho n'kugona.

Kutacha ndinapita kumsika. Umatchedwa Tingopirira. Amayi ambiri anali m'zakuda. Maduku awo anali otukumuka ngati abisamo maungu. Pansi pa m'bawa panali wometa, atakhala pampando wa makasitomala, akunola lumo lomwe linali lakuthwa kale.

"Bwerani achimwene, ndikumeteni ulere," anatero. "Dzanja lingaiwale."

Dzina lake anali Kamtedza. Ndinakhala. Ndinamufunsa za mchere. Lumo lili pakhosi panga, anandifotokozera.

Ku Tiuzeni mwamuna akamwalira, aluki amaluka chinthu chotchedwa mperekezi. Nsungwi, udzu, luzi, makoko a chimanga. Chimakula ngati munthu, ndipo amachiluka chikugwira ntchito imene malemuyo ankagwira. Chimaima pakhomo pa wamasiye nthawi yonse yolira. Yolira ikatha amachinyamula kupita nacho pamphambano, n'kuchiwotcha. Utsi ukakwera, mwamuna wapita. Mkazi amametedwa pomwepo, amavula zakuda, ndipo wofuna kumufunsira amafunsira. Koma mperekezi asanapse, mwamunayo alipobe. Mkazi sameta. Sakwatiwa. Chimene waphika sichithiridwa mchere.

"Nanga bwanji simukuwotcha?"

"Musagwedezeke, ndingakuchekeni. Tili pa ufulu."

Nkhani yake inali yotere. Kale dzikoli linkalamulidwa ndi atsamunda a ku Kwachisanu. Iwo ataona aperekezi akupsa, anagwira m'mutu. Anati anthu owotcha zokongola chonchi ndi osazindikira. Ndiye anayamba kuwapulumutsa. Ankawapulumutsira m'sitima, kupita nawo kwawo. Atsamunda atachoka, moto unabwerera pamphambano, ndipo palibe ankadziwa kuti pali vuto. Kenaka Mfumu Sindinalakwe Wachitatu inapita kukacheza ku Kwachisanu. Inapeza aperekezi a makolo ake ali ndandanda m'magalasi. Inapsa mtima. Inati abwezedwe. A ku Kwachisanu anayankha mwaulemu kuti angakonde kutero, koma angabweze bwanji zinthu kwa anthu amene amaziwotcha? Ayambe aonetsa kuti amadziwa kusunga.

Mfumu inabwerako ndi lamulo. Linatchedwa Lamulo la Ufulu wa Chikhalidwe. Mperekezi aliyense ndi chuma cha fuko. Wowotcha mperekezi wawotcha dziko. Aluki akangomaliza kuluka, apolisi amabwera ndi lole.

"Ufulu wake ndi umenewo," anatero Kamtedza, akuloza amayi aja ndi lumo. "Umamera m'mutu."

Moyang'anana ndi mpando wake panali chiwaya chovundikira. Pansi pake panagona nkhuku. Pambali panakhala mayi wina wamapewa otambalala, m'zakuda, akusenda mbatata imodzi pang'onopang'ono ngati akuilanga.

"Mwadzuka bwanji, aNangondo?" Kamtedza anakuwa. Mawu ake anasintha. Anafewa.

"Yang'anani kumbali, aKamtedza. Ndine mkazi wa munthu."

"Munthu wake ali bwanji?"

"Akuzizidwa. Ali pachitunda apo."

Mwamuna wa aNangondo, malemu Zakeyu, anali wa kabaza. Aluki anamuluka ali panjinga. Mahandulo, masipoko, belu, ngakhale katsamiro kokhalapo wokwera. Aliyense ku Mwatero ankavomereza kuti mperekezi wotere sanalukidwepo. Ndiye vuto lake.

"Ali moyo sankagona pakhomo," aNangondo anandiuza. "Wafa, wapeza nyumba ya magetsi. Ine ndatsala ndi chiwaya chogonamo nkhuku. Tchipisi chopanda mchere angagule ndani? Inu mungagule, bambo?"

Ndinati ayi.

"Mwaona. Ndamulira munthuyu kuposa mmene ndinamukondera." Anakanda pansi pa duku ndi chigwiriro cha mpeni. "Amayi a mayi anga analowa m'manda ndi duku lakuda. Mwamuna wawo ali ku Kwachisanu mpaka lero, azungu akumujambula. Ine ayi. Ine sindifa ndi tsitsi ili."

Tsikulo kunyumba ya mfumu kunali bwalo. Kunabwera mlendo wamkulu, Pulofesa Gilimu wa ku Kwachisanu, kudzaona ngati a ku Tiuzeni aphunzira kusunga. ANangondo anati akadandaula pamaso pa mlendoyo. Kamtedza anatseka lumo. Ndinalibe chochita. Ndinawatsatira.

Bwalo linali lodzaza. Nduna zinavala mawigi a ubweya wa nkhosa, dzuwa lili pamutu. Thukuta linkatsika m'makutu. Mfumu inakhala pampando wautali, itafunda chikopa cha kambuku cha pulasitiki. Chenicheni chili ku Kwachisanu. Pambali pake panakhala Pulofesa, munthu wowonda, wofiira ngati nyama ya pamoto. Kumbuyo kwa Pulofesa kunaima womasulira, Dokotala Ziyenda, mkulu wa Nyumba ya Chikhalidwe. Kumsika amamutcha aMusakhudze. Amavala magolovesi oyera ngakhale podya mango.

Mfumu inaimirira.

"Anthu anga! Masiku ouzidwa zochita anatha!"

"Mwatero!" nduna zinayankha.

"Chikhalidwe chathu ndi chathu! Palibe mlendo amene adzatiuzenso mmene tingachisamalire!" Inatembenuka. "Si choncho, Pulofesa?"

Dokotala Ziyenda anamasulira. Pulofesa anagwedeza mutu.

"Mwaona? Wavomereza."

"Mwatero!"

Kunaimbidwa nyimbo. Kunabwera Nduna ya Zoomba M'manja, inaonetsa poyambira ndi polekera. Kenaka anaitana odandaula. Panali mmodzi yekha.

ANangondo anagwada, anaomba m'manja mwaulemu.

"Mwini Dziko, ndabwera kudzapempha mwamuna wanga."

"Ali kundende?"

"Ali m'galasi, Mwini Dziko."

"Ukufuna ukatani naye?"

"Ndikamuwotche."

Bwalo lonse linati haa. Nduna ina inagwetsa wigi. Pulofesa anafunsa chimene chanenedwa. Dokotala Ziyenda anamuuza kuti mayiyu akuthokoza boma.

"Mwini Dziko," Dokotala anatero atatembenukira kwa mfumu, "chimene mayiwa akuchitcha mwamuna wawo ndi maso a nyumba yathu yonse. Mukukumbuka kuti poyamba bwalo lino linagamula kuti tichotse njingayo, popeza njinga si chikhalidwe chathu. Kenaka a Pulofesa anatiuza kuti njingayo ndiye pagona luso. Bwalo lino linapatsa njingayo mendulo."

"Ndikukumbuka. Ndinaiveka ndekha."

"Ndiye tiwotche chinthu cha mendulo chifukwa mayi mmodzi akufuna mchere?"

"Si mchere wokha, a Dokotala," anatero aNangondo. Kamtedza anayang'ana pansi.

Mfumu inaganiza. Poganiza imatseka maso, ndipo nduna zimatsekanso awo. Itatsegula, inagamula. Mayi Nangondo ndi mayi wodala. Kuyambira lero adzatchedwa Mkazi wa Chuma cha Fuko. Ali ndi ufulu wokaona mwamuna wake tsiku lililonse, atavula nsapato, osakhudza galasi.

"Mwatero!"

ANangondo anadzuka. Sanathokoze. Anayamba kutuluka.

Apo Pulofesa anafunsa funso lina. Dokotala Ziyenda analimasulira mokweza, kuti anthu amve mmene aliyankhire.

"A Pulofesa akufunsa kuti kodi timatani chiswe chikalowa m'chinthu chosungidwa. Yankho ndi losavuta. Timachita monga anatiphunzitsira iwo omwe. Chinthu chogwidwa ndi chiswe timachitulutsa tsiku lomwelo, kutali ndi nyumba, n'kuchiwotcha, kuti chisapatsire zinzake. Sitikambirana. Sitidikira bwalo."

Pulofesa anamwetulira. Nduna ya Zoomba M'manja inakweza dzanja. M'manja munaombedwa.

ANangondo anali ataima pachipata. Anabwerera. Anagwadanso.

"Mwini Dziko, ndinaiwala kuthokoza. Zikomo kwambiri. Mwanditsegula m'maso."

Mfumu inakondwa. Inauza Pulofesa kuti anthu ake ndi otero, amamva mochedwa koma amamva.

Ndinafuna kuchoka tsiku lomwelo. Lole kunalibe. Ku Mwatero galimoto zimabwera zikafuna. Madzulo ndinaona aNangondo kuseri kwa msika, ali pachulu ndi khasu. Kamtedza ankayang'anira njira, akuimba mluzu wa munthu wosalakwa.

M'mawa mwake aNangondo anapita kukaona mwamuna wawo. Duku linali litatukumuka kuposa dzulo. Ankayenda khosi lili chilili, ngati asenza ndowa yodzaza.

Pakhomo pa Nyumba ya Chikhalidwe alonda amasecha. Anandivula nsapato. Anandipopera mankhwala m'mapazi. Anapisa m'matumba mwanga, analanda chipatso cha bwemba. ANangondo anawasechanso chimodzimodzi, mpaka m'mphepete mwa chitenje. Koma mutu wa wamasiye sukhudzidwa ndi mwamuna. Mwambo umenewo lamulo linaiwala kuuika m'galasi.

M'katimo munkazizira ngati m'mochale. Aperekezi anali ndandanda. Wina ndi khasu. Wina ndi makina osokera. Wina ndi botolo, popeza aluki a ku Tiuzeni sanama. Pansi pa aliyense panali mawu a chinenero cha ku Kwachisanu, kuti mlendo asavutike. Eni dziko amadziwa kale amuna awo.

Zakeyu anali pakati, mendulo ili pahandulo. Bokosi lake la galasi linaitanitsidwa ku Kwachisanu. Opanga anayeza msinkhu wa munthu woimirira. Za njinga palibe anawauza. Ndiye anaboola kumbuyo, tayala lakumbuyo n'kutulukira kunja.

ANangondo anagwada pamenepo. Galasi sanalikhudze. Anatsamiritsa mutu patayala n'kuyamba kulira.

"Zakeyu iwe! Wandisiyira ndani? Zakeyu, palasa, bambo, palasa uzipita!"

Analira nthawi yaitali. Mutu unkagwedezeka. Duku linkaphwa pang'onopang'ono. Pulofesa, amene ankayendera nyumbayo, anafika ndi kamera. Anajambula kumanja, anajambula kumanzere. Anapukuta misozi. Anauza Dokotala Ziyenda kuti chikondi chotere kwawo chinatha kale.

Madzulo amenewo kunyumba ya mfumu kunayamba phwando la mlendo. Phwando limafuna magetsi. Magetsi a ku Mwatero sakwanira nyumba ziwiri. Pachitunda panati zii. Makina oziziritsa anagona. Phwando la ku Tiuzeni silitha tsiku limodzi, chifukwa nduna iliyonse imayenera kuyankhula, ndipo imayamba ndi kubwereza zimene yanena inzake. M'nyumba ya magalasi munafunda bwino. Alendo a aNangondo anagwira ntchito popanda wowasokoneza.

Phwando litatha, Pulofesa anakwera chitunda kukayendera komaliza. Mfumu inali pambuyo pake, nduna pambuyo pa mfumu, ife a kumsika pambuyo pa onse. Anafika pa Zakeyu. Anawerama kuti asirirenso masipoko. Timizere ta dothi tinali titakwera tayala, kudutsa pa katsamiro, mpaka m'thalauza la malemu.

Pulofesa anakuwa. Kukuwa kumeneko sikunafune womasulira.

"Akuti chiyani?" inafunsa mfumu.

"Akuti tiwotche, Mwini Dziko," anatero Dokotala Ziyenda. "Lero. Kutali ndi nyumba. Pamalo a mtetete."

"Malo otero ali kuti?"

Nduna zinayang'anana. Kenaka mawu a Kamtedza anachokera kumbuyo.

"Pamphambano pokha, Mwini Dziko. Pamapita kamphepo kabwino."

Mfumu siichita kanthu popanda lamulo. Inalengeza pomwepo Mwambo Wopulumutsa Chuma cha Fuko. Inachenjeza kuti aliyense wonena kuti uku ndi kuwotcha mperekezi adzamangidwa. Uku ndi kusunga.

Apolisi omwe anamulanda Zakeyu ndi omwe anamunyamula. Bandi yawo inatsogola. Msika wonse unatsekedwa. Pamphambano anamuimika bwinobwino, akuyang'ana kumadzulo, chifukwa aNangondo anati mphepo ikuchokera uko ndipo chiswe chingathawe. Dokotala Ziyenda anayatsa machesi atavala magolovesi. Mendulo anaiwala kuchotsa.

Makoko a chimanga sachedwa. Moto unakwera masipoko, unagwira katsamiro, unafika pamapewa. Kwa kanthawi Zakeyu anaoneka ngati akupalasadi. Utsi unakwera mowongoka.

Amayi a m'zakuda anaimba nthungululu.

Pulofesa anafunsa chifukwa chake.

"Akuyamikira sayansi," inatero nduna ina.

Zinangochitika kuti Kamtedza anali ndi mpando wake pomwepo. Zinangochitikanso kuti anali ndi lumo, sopo ndi beseni la madzi. ANangondo anakhala, anamasula duku. Tsitsi linagwa m'mapewa, lodzaza dothi la pachulu.

"Mutu wanu walumidwa paliponse, mayi," anatero Kamtedza.

"Metani, musawerenge zilonda. Ndipo mwaima chifukwa chiyani? Simunaonepo mutu wa mkazi?"

"Wa mkazi wopanda mwamuna, ndi kalekale."

"Ndiye fulumirani, angakupitirireni ena."

Masana omwewo pakhomo pa Nyumba ya Chikhalidwe panali mzere. Unatsika chitunda, unakhota pachipatala, unakafika kumsika. Amayi okhaokha, m'zakuda, makosi ali chilili. Aliyense anali atasowa mwamuna wake mwadzidzidzi. Wailesi ya ufumu inalengeza kuti anthu a ku Tiuzeni ayamba tsopano kukonda chikhalidwe chawo. Ku Tingopirira zibuma za chulu zinayalidwa pambali pa tomato, zazikulu ndi zazing'ono.

Pamzerepo panalinso mayi wina wokalamba, woyenda ndi ndodo. Dokotala Ziyenda anatuluka kudzaona khamulo. Anafika pa mayiyo n'kuima.

"Amayi, inunso?"

"Ndabwera kudzaona bambo ako. Kapena ukaniza?"

Dokotala anayang'ana duku la mayi ake. Anayang'ana kumwamba. Anauza alonda kuti okalamba azilowa poyamba.

Madzulo bwalo linakumananso kuti limve chigamulo cha mlendo. Pulofesa anayankhula mwachisoni. Anati waona khama. Waona chikondi. Koma dziko la chiswe chotere silingapatsidwe zinthu zamtengo wapatali. Aperekezi akale akhalabe ku Kwachisanu, kumene ali otetezeka. Mwina m'tsogolo.

Ndinayembekeza kuti mfumu ikwiya. Inaimirira, inakonza chikopa chake cha pulasitiki.

"Pulofesa, mwatilemekeza potiuza zoona. Ife ndife anthu a ufulu. Tikadzakonzeka, mudzatiuze."

"Mwatero!"

Lole ya kabichi inabwera m'bandakucha. Ndinapita kumsika kukaidikira kuti itsitse katundu. Chiwaya cha aNangondo chinali pamoto, mafuta akuthetheka. Nkhuku inkazungulira, yosowa pokhala. Mwini chiwaya anavala chitenje cha maluwa ofiira ndi achikasu, chopweteka m'maso. Mutu unali mbee, ukuwala. Kamtedza ankasenda mbatata, ndipo ankauzidwa kuti akusenda mokhuthala.

Galimoto ya mfumu inatulukira, ikupita ndi Pulofesa kubwalo la ndege. ANangondo anaima pakati pa msewu. Galimoto inaima. M'manja anali ndi kadengu kovundikira.

"A Dokotala, ndimasulireni," anatero. "Muwauze bwanawa kuti anandilirira, ndipo sindinaiwale. Ndawabweretsera kamphatso."

Anavundukula. Munali kamperekezi kakang'ono, kotalika ngati mkono, kolukidwa bwino ndi makoko atsopano. Kanali kolemera kuposa maonekedwe ake.

"Muwauze kuti kwawoko kuli agogo anga aamuna. Akhala okha nthawi yaitali. Aka kakakhale nawo pafupi, m'chipinda chimodzi ndi anzawo onse. Ndipo kasazizidwe panjira. Sikanazolowere."

Dokotala Ziyenda analandira kadenguko. Anakayeza m'manja. Anakayandikizitsa kukhutu. Ndinali pafupi, ndinaona nkhope yake. Anayang'ana aNangondo. ANangondo anayang'ana chiwaya chawo.

Kenaka Dokotala anavula magolovesi, anawaika m'thumba, n'kupereka kadenguko kwa Pulofesa ndi manja awiri. Anamasulira mawu onse. Sanasiyepo ngakhale amodzi.

Pulofesa anagwira pamtima. Anati mphatso imeneyi sipita m'katundu, aisunga pamiyendo mpaka kwawo. Kunja kunali kamphepo ka m'mawa. Anavula jekete lake n'kufunditsa kadenguko.

Galimoto inanyamuka. ANangondo anaibayibitsa mpaka inakhota.

Dalaivala wa lole analiza hutala. Sindinamufunse kumene akupita. ANangondo anandikulungira tchipisi m'pepala, anatapa mchere ndi dzanja lonse n'kuwaza.

Ndinadyera pamwamba pa lole. Mchere unachuluka kwambiri. Ndinamaliza chonse.